Kamera Ili M'manja Mwanga, Alangizi Ali Mbwee: Mafunso ndi Mayankho a Wojambula Zithunzi ku Joni

Amalawi ambiri amene ali ndi kamera kuno ku Joni anayamba mofanana. Lolemba mpaka Lachisanu munthu ali pantchito, kaya m'dimba la bwana ku Randburg, kaya m'shopu ya amwenye ku Fordsburg, ndiye Loweruka n'kukoleka kamera m'khosi kukajambula chinkhoswe, ukwati kapena msonkhano wa amvano. Pang'ono ndi pang'ono maso amayamba kukopeka ndi mzinda weniweniwo, munthu n'kutuluka nayo kamera ija kumsewu. Kumeneko amakumana ndi alangizi osaitanidwa, amene buku lobwera ndi kamera silinawatchule. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anzanga ongoyamba kumene amandifunsa kawirikawiri.

Bwanji ndikangotulutsa kamera aliyense amasanduka mphunzitsi?

Chifukwa kamera imaoneka. Wojambula ndi foni palibe amamucheukira, poti foni aliyense ali nayo. Koma kamera yokhala ndi lenzi yaitali ngati chitsononkho imalengeza kuti pano pakuchitika kanthu, ndipo pamene pakuchitika kanthu munthu wa m'tawuni amafuna aponyepo mawu ake. Mukudziwa zimene zimachitika kwathu galimoto ikafa pamsewu. Boneti ikangotsegulidwa amakaniko asanu afika kale, wina akuti ndi batire, wina akuti mapulagi, pomwe mwa onsewo palibe anagwirapo sipanala.

Komabe musafulumire kuderera. Joni ndi mzinda umene unakula ndi kamera. M'zaka za m'ma 1950 magazini ya Drum inali ndi akatswiri ngati Jürgen Schadeberg, Bob Gosani ndi Peter Magubane, ndipo ankajambula m'misewu yomweyi. Santu Mofokeng, amene zithunzi zake za anthu opemphera m'sitima zinadziwika kunja konse, anayamba ngati wojambula wa m'misewu ya ku Soweto, wa m'maukwati ndi m'maphwando, ngati inu nomwe. Ku Joubert Park, pafupi ndi Johannesburg Art Gallery, mu 2004 mayi wina waluso dzina lake Terry Kurgan anawerenga ojambula okwana 40 amene ankadyera kamera m'paki imodzi yomweyo, aliyense ndi malo ake oima amene mnzake sankawalowerera. Ndiye madala amene akukuuzani kuti mwaima polakwika akhoza kukhala munthu amene analera ana ndi kamera ya filimu inu musanabadwe.

Ndiye ndidziwa bwanji woyenera kumumvera?

Ine ndimamvetsera chinthu chimodzi: kodi munthuyu akunena za kamera yanga, kapena za msewu wake? Akamanena za kamera, za lenzi, za mtundu umene ndikanagula, ndimamwetulira, kuthokoza, n'kupitiriza zanga. Kamerayi ndimagona nayo m'nyumba ndine, iye waiona lero. Koma akangotchula za malo, kuti ngodya iyo musapiteko, kuti anyamata awo akuyang'anani kuyambira kale, kuti eni renki sakonda zimenezi, pamenepo ndimatchera khutu ngati ndili pabwalo la mfumu. Pangodya imene inu mwaimapo mphindi khumi, iye wakhalapo zaka khumi akugulitsa maswiti ndi fodya wa ndudu imodziimodzi. Amadziwa nkhope zimene inu simuzidziwa.

Vuto la ife ojambula ndi lakuti timachita zosemphana. Wotinyozera kamera timalimbana naye mpaka thovu kukamwa, pomwe wotichenjeza za msewu timamuona ngati wamantha kapena wansanje.

Amene amati “bisa kamerayo” amanena zoona, kapena amangoopseza?

Mumvereni. Ngakhale atakhala kuti akukokomeza, mwataya chiyani poika kamera m'chikwama kwa mphindi zisanu?

Chaka changa choyamba ndinkajambula chapafupi ndi renki ya Noord, kumene matekisi amachita kupiringizana ngati nyerere pa fupa. Mayi wina wowotcha chimanga anandikodola. Sanakweze mawu, sanandiyang'anenso kumaso. Anapitiriza kutembenuza chimanga chake uku akunena m'Chizulu, motsitsa, kuti mwana wanga, lowetsa chinthucho. Ine ndi nzeru zanga zachilendo ndinaganiza kuti mayiyu sakufuna ndimujambule, ndiye ndinangosuntha pang'ono n'kupitiriza. Ndisanadutse maloboti awiri, anyamata atatu anandipanikiza pakati ngati tikukwera minibasi ya ku Ndirande madzulo. Kamera inapulumuka chifukwa lamba wake ndinali nditamukulunga padzanja. Foni inapita.

Chimene ndinaphunzira ndi kamvekedwe ka chenjezo lenileni. Limabwera motsitsa, mwachidule, ndipo wonenayo sayembekezera kuti mucheze. Nthawi zambiri sakuyang'anani n'komwe, chifukwa iye atsala pomwepo inu mutapita, ndipo safuna atsotsi adziwe kuti ndiye wakutsinani khutu. Akuluakulu sananame kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kuno mnansiyo amakhala mayi wa chimanga, mlonda wa magalimoto wovala chijekete chonyezimira, kapena mnyamata wokankha ngolo ya katundu ku Park Station. Musayime n'kuyamba kufunsa kuti ndani, ali kuti, uku mukutembenuza khosi. Lowetsani kamera, gulani chimanga chimodzi, lowani m'shopu yapafupi, mutuluke pakapita nthawi n'kulowera kwina.

Nanga ngati mlangiziyo ndiye wakuba?

Zimachitika, ndipo amadziwika ndi kuchuluka kwa ubwenzi. Wochenjeza weniweni amafuna muchoke. Wakuba amafuna mukhalitse, muwerame, kapena mumutsatire. “Taonetsa chimene wajambulacho.” Inu n'kuweramira pagalasi la kamera, mitu iwiri pamodzi ngati mukuwerenga kalata, mnzake ali kumbuyo akutsegula zipi. Wina amati abale, bweretsani ndikujambuleni inuyo kuti nanunso mukhale ndi chikumbutso. Woopsa kwambiri ndi uja amati akudziwa malo abwino, pamwamba pa nyumba yakutiyakuti, mzinda wonse umaoneka. M'kati mwa tawuni muli nyumba zambiri zosanja zimene eni ake anazithawa ndipo zinalandidwa ndi magulu ena. Musalowemo ndi munthu amene mwakumana naye lero. Ngati mukufuna kuona Joni kuchokera m'mwamba, ku Ponte City, nyumba yozungulira ija ya mamita 173 ku Berea, kuli bungwe la Dlala Nje limene limayendetsa alendo mwadongosolo.

Zodzitetezera ndi zazing'ono. Kamera isachoke m'manja mwanu. Chikwama chikhale kutsogolo, msana ukhale kukhoma mukamalankhula ndi munthu. Lenzi musasinthire pamtetete. Ndipo mukajambula chinthu chimene simungafune kuchitaya, chotsani memori khadi muibise pathupi, muikemo ina. Nzeru imeneyi si yanga. Pa 16 June 1976 ku Soweto, Sam Nzima atajambula chithunzi cha Hector Pieterson atanyamulidwa, anachotsa filimu n'kuibisa m'sokosi, ndipo apolisi atamulanda mafilimu ena, imeneyo inafika ku nyuzipepala ya The World. Sokosi ikugwirabe ntchito mpaka pano.

Akakuonetsani mpeni kapena mfuti, perekani. Pamenepa ndilibe zambiri zonena.

Amandiuza kuti dzuwa likhale kumbuyo kwanga, ena akuti ndiyatse fulashi masana. Alondola ndani?

Apa ndiye pamasangalatsa, chifukwa malangizo amene amamveka anzeru ndi olakwika, ndipo amene amamveka opusa ndi olondola.

Lamulo lakuti dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula linachokera m'nthawi ya makamera a bokosi, pamene filimu inkafuna kuwala kochuluka kuti igwire kanthu. Linali labwino nthawi yake. Lero chimene limachita ndi kutembenuzira wojambulidwa kudzuwa, iye n'kutsinzina ngati wadya bwemba. Ndipo dzuwa la ku Joni si lamasewera. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamwamba kuposa ngakhale tawuni ya Dedza. Mpweya ndi wopepuka, m'nyengo yozizira mitambo kulibe, ndiye kuwala kumagwa kolimba ndipo mithunzi imada bii. Masana munthu wovala chipewa nkhope yake imasowa, maso amakhala ngati maenje awiri. Fulashi yochepa mphamvu imadzaza maenje amenewo. Choncho mnyamata uja amakuuzani kuti yatsani fulashi dzuwa likuswa mtengo akunena zimene ojambula maukwati odziwa ntchito amachita.

Palinso nkhani ya khungu lathu. Kamera ikaona thambo lowala kapena khoma loyera kumbuyo, imachepetsa kuwala konse, nkhope ya munthu wakuda n'kumira. Muuzeni munthu wanu alowe pamthunzi wa khonde, ayang'ane kumene kukuchokera kuwala, inu muwonjezere kuwala ndi sitepe imodzi. Ndipo dziwani misewu yanu. Commissioner, Fox, Main, Bree ndi Jeppe (awiri omalizawa pamapepala ndi Lilian Ngoyi ndi Rahima Moosa, koma pakamwa pa anthu sanasinthe) imayenda kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo. M'mawa ndi chakumadzulo dzuwa limadutsa m'misewuyi ngati madzi m'ngalande, anthu n'kumaoneka ngati awazidwa golide m'mbali. Masana mulibe kanthu koma mthunzi ndi malo othobwa m'maso. Wina akakuuzani kuti bwerani mawa isanakwane 7 koloko, ameneyo amadziwa.

Uja wonena kuti foni yake imajambula bwino kuposa chikamera chanucho, muvomereni. Masiku ano nthawi zina amakhala akunena zoona.

Wina akabwera n'kunena kuti pano saloleza kujambula, lamulo likuti chiyani?

Choyamba yang'anani pansi pamene mwaponda. Ngati ndi msewu wa onse, paki ya khonsolo kapena mlatho ngati Nelson Mandela Bridge, ku South Africa kulibe lamulo loletsa munthu kujambula zimene maso ake akuona poyera, kuphatikizapo anthu odutsa ndi nyumba. Ambiri amatchula POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, ngati kuti linaletsa kamera. Lamulolo silikhudza zimene munthu akuchita pa iye yekha ndi banja lake, ndipo linasiya mpata wa ntchito za utolankhani ndi zaluso.

Koma malo ambiri amene amaoneka ngati a aliyense ali ndi eni ake. Sandton City, Rosebank Mall, Nelson Mandela Square, Melrose Arch, masiteshoni a Gautrain, mabwalo a kutsogolo kwa maofesi a mabanki, konseko mwini malo kapena woyendetsa amaika malamulo ake, ndipo mlonda akati lekani, ali ndi mphamvu yokuuzani kuti muleke kapena mutuluke. Kawirikawiri foni saiona, amaona kamera yaikulu, makamaka mukaimika pamiyendo yake itatu, chifukwa kwa iwo chimenecho ndi chizindikiro cha ntchito yamalonda yofunika chilolezo. Nawonso akhonsolo amafuna chilolezo mukabwera ndi gulu, magetsi ndi zotchinga njira, ndipo a Gauteng Film Commission amathandiza pa zimenezo.

Kenaka pali malo otetezedwa ndi boma. Kuyambira 1980 panali lamulo la National Key Points, ndipo chodabwitsa chake chinali chakuti mndandanda wa malowo unali wachinsinsi, moti munthu unkatha kulakwira malo osadziwa kuti ndi oletsedwa. Zinatengera khoti kulamula, mabungwe a Right2Know ndi South African History Archive atadandaula, kuti mndandandawo utuluke mu January 2015, ndipo unali ndi malo oposa 200. Bwalo la ndege la OR Tambo, nyumba za SABC ku Auckland Park ndi Reserve Bank zinalipo. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi Critical Infrastructure Protection Act ya 2019, imene imalimbikira kwambiri pa kujambula zachitetezo za malowo, monga zipata, makamera ndi alonda. Mukaona mpanda wautali ndi asilikali, pitani mukajambule majakaranda.

Pomaliza, kujambula ndi nkhani ina, kugwiritsa ntchito chithunzi ndi nkhani inanso. Mu 2011 High Court ya ku Johannesburg inagamula mokomera Basetsana Kumalo, yemwe anali Miss South Africa mu 1994, sitolo ina ya njinga itamujambula akugula zinthu n'kuika chithunzicho pa malonda ake osamupempha. Ndiye nkhope ya munthu wodutsa musaiike pa positala yotsatsira bizinesi yanu ya zithunzi.

Izi zonse mukuzidziwa tsopano, koma sindikuti mukaziwerengere mlonda pageti. Iye wauzidwa ndi bwana wake, ndipo ntchito yake ndi yosalimba ngati yanu yomwe. Mwina ndi wa ku Mzimba kapena ku Bulawayo. Mupatseni moni, mufunseni kuti malire a malo awo athera pati, mubwerere masitepe atatu muime pamsewu wa onse. Kawirikawiri nkhani imathera pomwepo.

Angandikakamize kufufuta zithunzi?

Mlonda kapena munthu wamba alibe mphamvu yolanda kamera yanu kapena kukukakamizani kufufuta. Ngakhale apolisi, malangizo awo a ntchito amawaletsa kutsekereza atolankhani kujambula kapena kuwafufutitsa zithunzi. Mu 2025 High Court ya ku Johannesburg inanenanso poyera kuti munthu wamba kujambula apolisi ali pantchito si mlandu. Unali mlandu wa loya wina amene anamangidwa mu 2019 chifukwa chojambula apolisi atatchinga msewu pakhomo pake.

Onani bwino kuti anali loya, nzika ya dziko lino, ndipo chilungamo chake chinatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Inu ndi ine tiyeze nsapato zathu. Lamulo la zolowa ndi kutuluka limapatsa wapolisi mphamvu yofunsa mapepala, ndipo kamera imakoka maso. Ngati pasipoti ndi pemiti zili bwino, yendani nazo, lankhulani mwaulemu, funsani dzina la wapolisiyo modekha. Ngati masiku anatha kale, kukangana ndi wapolisi chifukwa cha chithunzi cha nkhunda ku Gandhi Square ndiko kugula ndi manja anu tikiti ya ku Lindela, kosungirako obwera oti abwezedwe kwawo.

Koma munthu wamba akati m'fufute chithunzi changa, ine ndimafufuta iye akuona, ngakhale lamulo silindikakamiza. Chifukwa chake chili m'funso lotsatirali.

Ena sanena kuti usandijambule, amangoti “bwanji osajambula nyumba iyo, ndi yokongola?” Akutanthauza chiyani?

Akukana. Ife Amalawi tiyenera kumva msanga zimenezi, chifukwa ndi mmene timakanira kwathu. Mlendo akafuna kukhalitsa sitimuthamangitsa, timangomuuza kuti mabasi a madzulo amavuta. Malangizo ambiri a pamsewu ndi kukana kovala jekete. “Kuwala pano si kwabwino.” “Ku Maboneng ndiye kuli zojambula.” “Bwerani Lamlungu.” Wojambula wogontha amayamba kufotokoza kuti ayi, kuwalaku n'kwabwino ndithu, osadziwa kuti akuyankha funso limene silinafunsidwe.

Ndipo m'mzinda uno anthu ali ndi zifukwa zoopera kamera. M'nthawi ya tsankho chithunzi cha munthu wakuda chimene boma linkachifuna chinali cha m'chiphaso chija ankachitcha dompas, chimene ukapezeka ulibe unkagona m'chitokosi. Zina mwa zithunzizo zinkajambulidwa ndi makina a Polaroid, mpaka mu 1970 antchito akuda a kampaniyo ku America, Caroline Hunter ndi Ken Williams, anayambitsa chionetsero, ndipo mu 1977 Polaroid inachoka m'dziko lino. Malamulo a ziphasowo anatha mu 1986, dzulodzuloli. Mbali inayi, ojambula amene ankaonetsa dziko zoona ankachita kubisa kamera. Magubane anaibisapo m'buledi woboola pakati, n'kumanamizira kudya. Ernest Cole ankailowetsa m'migodi, momwe munalinso agogo athu a Wenela, ataiika m'pepala la kamba wa masana, ndipo buku lake la House of Bondage la 1967 linaletsedwa kuno. Mzinda uno umadziwa kuti chithunzi chimamanga ndipo chimamasula.

Lero mantha ndi ena koma akufanana. Mayi wogulitsa matimati pamalo amene apolisi a khonsolo a JMPD amathamangitsapo anthu safuna umboni wakuti anali pamenepo. Mnyamata amene mapepala ake sali bwino safuna nkhope yake pa Facebook. Anthu sanaiwale May 2008, pamene ziwawa zothamangitsa obwera zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndipo kuyambira 2021 gulu la Operation Dudula lakhala likuyenda m'misika ndi m'makiliniki, mafoni ali m'mwamba, kujambula amene likuti ndi obwera. Nyumba ya Usindiso ku Marshalltown itapsa pa 31 August 2023, anthu 76 n'kufa, Amalawi ali pakati pawo, makamera a dziko lonse anakhamukirako, ndipo patapita miyezi ena mwa opulumuka anatengedwa kupita ku Lindela. Munthu amene anaona zimenezo akakuuzani mwaulemu kuti nyumba iyo ndiyo yokongola, tembenukani mujambule nyumbayo.

Za ana sindichita kutalikitsa. Popanda kholo kapena womuyang'anira kuvomera, kamera pansi. Chimodzimodzi kumisika ya mankhwala azitsamba ngati Faraday ndi Kwa Mai Mai: pemphani kaye, ndipo akakana musazembe.

Ndikayankha, kalankhulidwe kanga kamandiulula kuti ndine wobwera. Ndiziyankha bwanji?

Mwachidule, ndipo moni patsogolo. Kuno munthu wakuda amayambidwa m'Chizulu kapena m'Chisutu, ndipo ukayankha m'Chingerezi chokhachokha ena amaona ngati ukudzikweza, ena amadziwiratu kuti si wa kuno. Sindikunena kuti mudzibise. Lilime la Mmalawi silibisika, “r” ndi “l” zimatipereka tisanamalize chiganizo. Ndikunena kuti mawu ochepa a eni dera amatsegula zitseko. “Sawubona, baba.” “Ngiyabonga, mama.” Kwa anyamata, “sharp, mfowethu” ndi chala chachikulu m'mwamba zimatseka nkhani zambiri zimene Chingerezi cha mphindi khumi chikanazikulitsa. Wamkulu ndi baba kapena mama ngakhale akunena zopanda mutu, monga mmene kwathu simunganene “iwe” kwa munthu wa imvi chifukwa choti walakwitsa.

Yankho langa la masiku onse kwa mlangizi wa za kamera ndi lakuti zikomo, ndiyesa. Silinama, silitsutsa, ndipo silisiya poti wina agwirepo. Mukayamba kufotokoza chifukwa chimene mwasankhira lenzi imeneyi, mwatsegula kalasi, ndipo kuwala kumene munadzukira 5 koloko kukupita. Akalimbikira, kwezani kamera kumaso. Anthu ambiri amasiya kulankhula ndi munthu amene diso lake lili m'kamera.

Mawu akasintha, wina n'kuyamba kufunsa kuti kwanu n'kuti, kapena kutulutsa liwu lija la kwerekwere, imeneyo sinkhaninso ya zithunzi. Musayankhe, musathamange, chokanipo molunjika kumene kuli anthu ambiri kapena m'shopu.

Azimayi ojambula amakumana ndi zomwezi?

Zoposa. Mlongo wina amene timajambula naye maukwati amati bambo amene sanagwirepo kamera amatha kumufotokozera pogwira, dzanja lili kale paphewa pake. Kwa iye malangizo amakhala khomo lofunsira nambala. Njira yake ndi kubwerera sitepe imodzi kuti dzanjalo ligwe lokha, kunena kuti ali pantchito ndipo kasitomala akudikira, komanso kusayenda yekha m'kati mwa tawuni. Wina akamuuza kuti kamera si ya akazi, amamufunsa ngati anamvapo za Zanele Muholi kapena Jodi Bieber.

Nanga malangizo enieni, amene ndikuwafuna, ndingawapeze kuti?

Ku Newtown kuli Market Photo Workshop, sukulu imene David Goldblatt anayambitsa mu 1989 kuti achinyamata amene tsankho linawatsekera kunja aphunzire kujambula. Muholi ndi Bieber anadutsa kumeneko. Amaphunzitsa makosi aafupi ndi aatali, ndipo zionetsero zawo munthu umatha kungolowa n'kuona. Mphunzitsi wa kumeneko amayamba waona zithunzi zanu makumi angapo asananene kanthu, pomwe wa pamsewu sanaonepo ndi chimodzi chomwe.

Kupatula apo, yendani awiri kapena atatu. Mmodzi akamajambula, wina amayang'ana msewu n'kucheza ndi alangizi. Mnzanga wina ndi katswiri pa ntchito imeneyi. Amatha kumvetsera mbiri yonse ya kamera ya malume a munthu, akugwedeza mutu, ine n'kumaliza ntchito.

Bwanji ngati wondilangizayo ndi amene ndikumujambula?

Ameneyo ndiye bwana, makamaka ngati walipira. Poyamba zinkandipweteka. Ndinkafuna zithunzi zonga za m'mabuku, nkhope yodzaza chithunzi chonse, kumbuyo kosaoneka bwino, munthu ali phee osamwetulira. Koma m'bale wathu akavala suti Lamlungu n'kukwera matekisi awiri kuchokera ku Diepsloot kupita ku Sandton, amadziwa chimene wabwerera. Akufuna chiboliboli cha Mandela cha mamita 6 chija chioneke chonse kumbuyo kwake. Akufuna ayime pafupi ndi galimoto imene si yake. Ine ndinkati kumeneku n'kunamiza anthu kumudzi, kufikira nditakumbukira chithunzi chimene chinali pakhoma kwa agogo, cha malume atavala chipewa ndi jekete la ku migodi, ataponda pampando wa mu situdiyo umene sunali wawo. Kumudzi palibe ankaganiza kuti mpandowo ndi wawo. Ankaona kuti mwana ali moyo, wanenepa, ndipo akudzisamala.

Mwezi wathawu ndinajambula achimwene ena a ku Mangochi amene amagwira ntchito yotsuka magalimoto ku Mayfair. Ndinawaika pamthunzi wabwino, ndinayandikira, chithunzi chinatuluka chimene ine ndikanachipachika m'nyumba. Anachiyang'ana nthawi yaitali n'kupukusa mutu.

“Achimwene, bwererani m'mbuyo. Nsapato sizikuoneka.”

Ndinawauza kuti ndikabwerera nkhope ichepa, ndipo kumbuyoko kuli chibini cha zinyalala. Anati chibinicho chisiyeni, amayi sachiona. Nsapatozo anagula ndi malipiro awo oyamba, ndipo pochoka kumudzi anakwera basi atavala matapata a mng'ono wawo. Ndinabwerera masitepe anayi, ndinagwada pansi kuti nsapato zikule, iwo anakweza buluku pang'ono kuti sokosi nazo zioneke, ndipo tinajambula kasanu mpaka anavomera.